Mtsempha uti, adokotala?

Pa msika wa Liwonde mayi wogula nyama ya ng'ombe akauza wogulitsa kuti, "Achimwene, musandiikire ya mitsempha yokhayokha," palibe amene amasokonezeka. Onse akudziwa kuti akunena tizingwe toyera tija, tolimba, tosamva moto, totopetsa nsagwada. Mayi yemweyo akadwala n'kukagonekedwa pa chipatala chachikulu cha boma la Machinga, chimene chili pa Liwonde pomwepo, namwino amamusisita mkono n'kunena kuti, "Mayi, mitsempha yanu sikuoneka." Mawu ndi omwe aja, koma tsopano akunena njira za magazi zimene akufuna kubayamo singano ya diripi. Ndiye pa chipatala chilichonse cha m'dera lino mudzapeza bambo akufotokoza kuti mapazi amamuwotcha usiku wonse, adokotala n'kumuyankha kuti, "Bambo, limeneli ndi vuto la mitsempha." Ichi ndi chinthu chachitatu, chosiyana kotheratu ndi ziwiri zija. Bamboyo amavomera ndi mutu, natuluka atamva zake: magazi sakuyenda bwino. Akafika kumudzi ayamba kufunafuna zowonjezera magazi, kapena apita kukatemetsa mphini kuti magazi oipawo atuluke.

Liwu limodzi talisenzetsa zinthu zinayi: njira ya magazi ochoka kumtima, njira ya magazi obwerera kumtima, chingwe chomangirira mnofu ku fupa, ndi kanjira koyera konyamula uthenga pakati pa ubongo ndi ziwalo. Sindikuimba mlandu makolo athu. Munthu wosenda mbuzi amaona tizingwe tambirimbiri m'nyama, ndipo alibe chifukwa chotisiyanitsira. Ngakhale Agiriki akale, liwu limene lero likutanthauza mtsempha wa uthenga m'zinenero za ku Ulaya ankatchulira nalonso chingwe cha mnofu, mpaka nsinga ya uta. Anadzayamba kusiyanitsa ndi Herophilus, yemwe ankatumbula mitembo ku Alexandria zaka pafupifupi 300 Yesu asanabadwe. Iwo anasiyanitsa ntchito itawakakamiza. Ifenso ntchito yatikakamiza kale, koma tikukokabe miyendo.

Ntchito imene ikuonetsa poyera kuperewera kwathu ndi kapimidwe kamene madokotala amakatchula ndi zilembo zitatu, EMG, chidule cha electromyography. Si kapimidwe ka pa chipatala chaching'ono cha ku Ntaja kapena ku Phalula. Ndi ka akatswiri a m'zipatala zikuluzikulu. Komabe musaganize kuti n'kakutali ndi ife. Ndi nyumba zingati ku Nsanama, ku Chikweo kapena ku Ulongwe zopanda mwana ku Joni? Mnyamata akachekedwa ndi galasi pamkono ali pa ntchito ya zomangamanga ku Johannesburg, kapena mlongo wake wochapa ndi kusita m'nyumba za anthu ku Durban akamadzuka usiku zala zitachita dzanzi, chipatala cha kumeneko chikhoza kuwatumiza ku EMG. Madzulo foni imalira kumudzi, uthenga n'kukhala wakuti, "Andijambula mitsempha ndi magetsi." Pa mawu anayiwo, losasokeretsa womvera ndi "ndi" lokha.

Funso limene EMG imafunsa ndi limodzi, ndipo ndi lomwe Chichewa chathu cha kuchipatala chimalephera kufunsa: dzanja ili lafooka, kodi cholakwika chili mu mnofu weniweniwo, mu mtsempha wobweretsa lamulo ku mnofuwo, kapena pamalo pamene ziwirizi zimakumana? Kapimidweko kali ndi zigawo ziwiri. Poyamba wopima amamata timabatani tachitsulo pakhungu, tinene pa kamnofu ka m'tsinde mwa chala chachikulu cha dzanja. Kenako amagunditsa kachipangizo ka nsonga ziwiri pamfundo ya dzanja, n'kutulutsa kamphamvu ka magetsi kosafika ngakhale pa kuphethira kwa diso. Chala chimadumpha chokha mwini wake asanachitume. Amabwereza pa chigongono, nayeza ndi tepi mtunda wa pakati pa malo awiriwo, kompyuta n'kuwerengera liwiro la uthenga. Mu mkono wa munthu wamkulu wathanzi uthenga umathamanga mamita 50 kapena kuposerapo pa sekondi imodzi. M'mwendo, mamita 40 kapena kuposerapo. Chikuto cha mtsempha chikasupuka, liwiro limatsika. Timaulusi ta m'kati mwake tikafota, liwiro likhoza kukhala pafupifupi lomwelo koma mnofu umayankha mofooka. Mayi wa ku Durban uja, ngati vuto lake ndi mtsempha wopanikizika pamfundo ya dzanja, makina aonetsa uthenga ukuchedwa pamalo pomwepo, kwina konse ukuyenda bwinobwino.

Chigawo chachiwiri ndiye cha singano. Kasingano kowonda kamalowetsedwa mu mnofu, waya wake atalumikizidwa ku makina okhala ndi sipika. Apa palibe magetsi olowa m'thupi. Makina akungotchera khutu ku magetsi amene mnofu umapanga wokha. Wodwala amauzidwa kuti, "Masukani, musalimbe." Mnofu wabwino ukapuma, sipika imangoti zii. Koma mnofu umene mtsempha wake waduka kapena wafota sukhala chete. Pakatha milungu iwiri kapena itatu timaulusi take timayamba kugwedezeka patokhapatokha, kugwedezeka kosaoneka ndi maso, ndipo sipika imalira ngati madontho a mvula yoyamba pa denga la malata. Akatero wodwala amauzidwa kuti akankhe dzanja la wopima, pang'ono kaye, kenako mwamphamvu. Ngati vuto ndi la mtsempha ndipo lakhalitsa, magulu a timaulusi oyankha amakhala ochepa koma lililonse likulira mokweza, chifukwa nthambi zotsala zatenga timaulusi tosiyidwa ndi zinzake. Ngati vuto ndi la mnofu, magulu amayankha ambiri msangamsanga koma onse ang'onoang'ono. Katswiri amamva kusiyanaku ndi khutu asanayang'ane n'komwe mizere ya pa kompyuta.

Tsopano tibwerere ku "andijambula." Kujambula n'kutenga chithunzi. X-ray imajambula, sikani ya amayi oyembekezera imajambula, ndipo munthu wouzidwa kuti akajambulidwa amapita akuyembekezera kugona phee makina akumudutsa pamwamba. Akaona singano amati anamupusitsa, ndipo sitingamutsutse. Kuyambira kwa Luigi Galvani wa ku Bologna, amene mu 1791 anafalitsa zoti mwendo wa chule wakufa umadumpha ukakhudzidwa ndi magetsi, kudzera kwa Hermann von Helmholtz yemwe mu 1850 anayeza liwiro la uthenga mu mtsempha wa chule, kufikira kwa Edgar Adrian ndi Detlev Bronk amene mu 1929 anapanga singano ya mtundu umene ukugwirabe ntchito lero, luso lonseli lakhala la kuyeza ndi kumvetsera. Ndikadapatsidwa chikwangwani cha pakhomo la chipindacho, ndikadalembapo kuti "Kopimira minofu ndi mitsempha ya uthenga."

Kupima ndakusankha dala. Tili ndi aneni awiri ofanana nkhope, kuyeza ndi kuyesa, ndipo olemba ambiri amawasinthanitsa osazindikira. Kuyeza n'kwa sikelo, tepi ndi chipatala. Kuyesa n'kwa mphunzitsi, kwa Satana, ndi kwa munthu amene sakudziwa ngati chinthu chitheka. Omasulira zikalata za zaumoyo, poona kuti Chingerezi chili ndi liwu limodzi lokwana ponseponse, amalemba "mayeso a mitsempha" ndi "zotsatira za mayeso." Mayeso ndi a Maneb, munthu amakhoza kapena kulakwa. Choipa koposa, mukauza agogo a ku Mpiri kuti "tikufuna tikuyeseni ndi makina awa," iwo amva kuti makinawo ndi achilendo ndipo oyeserapo ake ndi iwowo. Kuyezetsa nako kunasenza katundu wake. Chiyambire nkhondo yolimbana ndi Edzi, munthu akangoti "ndikukayezetsa" osawonjezera kanthu, aliyense amadziwa chimene akukayezetsa. Ndiye mawu akuti "mukayezetse mitsempha" akalowa m'khutu la mwamuna amene anabwera ndi dzanja lofooka, maganizo ake amathamangira kumene dokotala sanalozeko.

Singano ikakumana ndi liwu lakuti mtsempha, Mmalawi aliyense amamva kutenga magazi, ndipo nkhani ya magazi si yoseweretsa kummwera kuno. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinabuka ku Mulanje ndi ku Phalombe n'kufalikira m'maboma ena. Anthu anaphedwa, ndipo azaumoyo ena anaopa kulowa m'midzi atanyamula zipangizo zawo. Magetsi nawo amakumbutsa mawaya a Escom, ogwetsa munthu kamodzin'kamodzi. Chonsecho tili nalo liwu lokwanira bwino, nyesi, dzina la nsomba ija ya kumunsi kwa Shire yonjenjemeretsa dzanja la woigwira, lomwe anthu analitenga kale kutchulira kugwidwa ndi magetsi, ndipo limalola kuchepetsedwa n'kukhala kanyesi. Wopima kapena womasulira wake atati alankhule chonchi, sindikuona wothawa:

"Agogo, tikufuna tione ngati vuto lili m'minofu kapena m'mitsempha yonyamula uthenga. Poyamba mumva kanyesi pang'ono, chala chidumpha chokha, musadabwe. Kenako tilowetsa kasingano mu mnofu. Si jakisoni ayi, mulibe mankhwala, ndipo magazi sititenga. Kabaya ndithu, sindikunamizani. Mukafuna kuti tipume, nenani."

Koma tinene chilungamo, odwala ambiri a ku Machinga ndi ku Balaka sadzagona pa bedi la EMG. Ulendo wawo umathera pa chipatala cha boma, owerengeka n'kupitirira ku Zomba Central kapena ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Zopimira zimene adokotala a kuno amakhala nazo pafupi ndi kanyundo kogogodera bondo, kathonje, manja awo, ndi mawu a wodwala. Apa ndiye pondidabwitsa, chifukwa wodwala wosapita kusukulu amalankhula molunjika kuposa womulembera. Tamverani gogo wa ku Nayuchi: "Mapazi onse awiri achita dzanzi, linayambira kuzala ndipo likukwera. Usiku amawotcha, ndimachita kuwatulutsa m'bulangete. Patapata amavuka ine osadziwa." M'ziganizo zitatu wanena zimene katswiri amafuna kumva: mbali zonse ziwiri, kuyambira kunsonga, kukwera pang'onopang'ono. Amenewo ndi makhalidwe a mitsempha ya uthenga ikamaonongeka kuchokera kumapeto. Wina ati, "Ululu umachokera m'chiuno n'kutsika kuseri kwa ntchafu mpaka kuchidendene," ndipo waloza mtsempha wopanikizika pamene ukutuluka mumsana. Wina ati, "M'mawondo mumaphwanya kukazizira," ameneyo ndi wa mfundo. Wina ati, "Ndikakhala pamphasa ndimalephera kudzuka osagwira mawondo, koma dzanzi ndilibe," ndipo ameneyu ndi woyenera kumuganizira za mnofu weniweniwo. Dzanzi, kuwotcha, kubayabaya, kukokana kwa akatumba, kuphwanya, kufooka, kufota: chuma chonsechi chimalowa m'chipinda cha adokotala, kawirikawiri n'kutulukamo chitasanduka "ndi mitsempha" kapena "ndi nyamakazi."

Kusiyanitsaku kwapulumutsapo mapazi a anthu. Boma litayamba kugawa ma ARV aulere mu 2004, mankhwala oyambira anali Triomune, ndipo mwa mitundu itatu ya m'piritsi limenelo munali stavudine, amene kwa anthu ambiri ankaononga mitsempha ya uthenga ya kumapazi. Woti "mapazi akuwotcha" akamvedwa bwino, ankasinthiridwa mankhwala zinthu zisanafike poipa. Dzikoli linasiya stavudine pakati pa 2011 ndi 2013 n'kutenga tenofovir, koma dzanzi silinachoke nawo. Likubwerabe ndi matenda a shuga, ndi kachasu, ndi isoniazid wa TB, amene n'chifukwa chake amaperekedwa limodzi ndi vitamini B6. Wodwala shuga akauzidwa kuti "mitsempha ya kumapazi yaonongeka" ali ndi ufulu wofunsa kuti iti, poti shuga amaononga yonse iwiri, ya magazi ndi ya uthenga. Ngati ndi ya magazi, chilonda chichedwa kupola ndipo fodya amuwonjezera tsoka. Ngati ndi ya uthenga, chilondacho sachimva n'komwe: asayende wopanda nsapato, asawothetse mapazi pa mbaula, ndipo madzulo alionse aziyang'ana kunsi kwa phazi ndi pakati pa zala, kapena mdzukulu amuyang'anire.

Pali mneni wina amene amatipusitsa mwaulemu: kumva. Timamva ndi khutu, timamva kuwawa, timamva fungo, timamva Chiyao, ndipo mwana wabwino ndi womva. Pa khate mneniyu akhoza kutayitsa munthu zala. Kachilombo ka khate, kamene Gerhard Hansen wa ku Norway anakapeza mu 1873, kamakonda khungu ndi mitsempha ya uthenga, ndipo zala kwakukulu zimatha ndi zilonda za moto, minga ndi mpini wa khasu zimene mwini wake sazimva. Anthu a ku Utale, kumene mishoni ya Katolika yasamalira odwala khate kwa zaka zambirimbiri, izi sachita kuuzidwa. Popima, wazaumoyo amakhudza banga la pakhungu ndi kathonje, kapena chikhatho ndi phazi ndi nsonga ya bolopeni. Wongoyamba kumene ntchito, kulikonse kumene ali, amafunsa kuti, "Anganga, mukumva?" Anganga analeredwa kuti mlendo sayankhidwa "ayi," ndiponso mawu a mnyamatayo akuwamvadi, choncho amati, "Eee, ndikumva." M'kabuku mumalembedwa kuti zonse zili bwino. Wozolowera ntchito safunsa choncho. Amati, "Anganga, tsinzinani. Ndikakukhudzani, lozani ndi chala pamene ndakhudzapo." Akatero amangokhudza ali duu, apa, apo, nthawi zina osakhudza n'komwe. Bolopeni ikakhudza chala cha anganga osasuntha, yankho lapezeka popanda mneni aliyense. Kenako amafufuza ndi zala zake kuseri kwa chigongono, kunja kwa bondo ndi kuseri kwa kakolo, kuti amve ngati mtsempha wakula kapena ukupweteka. M'dera limene ambiri kunyumba amalankhula Chiyao kapena Chilomwe, Chichewa n'kukhala cha kumsika ndi kuchipatala, funso la matanthauzo awiri ndi loopsa kawiri.

Pa khate pomwepa tinapunthwanso pa liwu lina. Mu 1994 Malawi anafika pa muyezo wa World Health Organization wakuti odwala khate asafike munthu mmodzi pa anthu 10,000 alionse. M'kamwa mwa anthu zimenezi zinasanduka "khate linatha." Linachepa, silinathe. Ku Balaka odwala atsopano akupezekabe, ndipo amene anazengereza poti anamva kuti matendawa kulibenso amafika zala zitapindika kale. Mankhwala alipo, aulere, a miyezi 6 kapena 12. Kachilombo amapha, koma mtsempha umene wakhala woonongeka nthawi yaitali saubwezeretsa.

Ndifike pa mawu amene amandiwawa koposa onse: kufa ziwalo. Timatchulira nawo wa sitiroko, mwana wa poliyo, wothyoka msana pa ngozi ya kabaza, onse m'thumba limodzi. Koma pali mitundu iwiri, ndipo mayi aliyense wosambitsa wodwala amaisiyanitsa ndi manja. Pali chiwalo cholobodoka, chili lende, ukachinyamula n'kuchisiya chimangogwa, ndipo pakapita miyezi chimafota. Pali chiwalo chouma, chili gwa, ukafuna kuchiwongola chimakana. Kulobodoka kokhalitsa kumaloza ku mtsempha wochoka mumsana kupita ku mnofu, kapena ku mnofuwo, ndipo kumeneko ndiye kwa EMG. Kuuma kumaloza ku ubongo kapena ku njira za m'kati mwa msana, monga zimakhalira sitiroko ikakhalitsa, kapena pa matenda aja a chinangwa chowawa chosaviikidwa mokwanira amene anagwira anthu ambiri m'chigawo cha Nampula ku Mozambique mu 1981. Kumeneko EMG ilibe zambiri zonena.

Mu Febuluwale 2022 boma linalengeza kuti poliyo wapezeka mwa mwana wa ku Lilongwe amene analobodoka chakumapeto kwa 2021, wodwala womaliza m'dziko muno atapezeka kale mu 1992. Mu 2022 momwemo poliyo anapezekanso ku Tete. Alangizi a zaumoyo anayenda khomo ndi khomo ndi katemera wodonthezera m'kamwa, akufunsanso za mwana aliyense wosakwana zaka 15 amene chiwalo chake chafooka mwadzidzidzi, kuti chimbudzi chake chitengedwe kawiri pasanathe masiku 14 n'kukapimidwa. Tafunsani mayi kuti, "Alipo mwana wakufa ziwalo kuno?" Akulozerani kwa mwana wa khomo lachitatu amene anabadwa wouma miyendo zaka zisanu zapitazo, n'kusiya wake amene dzana wayamba kukoka phazi, poti phazilo silinafe, likungolemera. Funsani kuti, "Mayi, alipo mwana amene amayenda bwinobwino koma mwendo kapena mkono walobodoka masiku omwe ano?" ndipo mumupeza amene mukumufunayo.

Komanso kufa n'kufa, chakufa sachidikira. Mukauza bambo kuti mwendo wa mwana wake wafa, mwamuuza kuti asataye ndalama ya basi kupita naye ku mafizo. Chonsecho mtsempha wa uthenga wa kunja kwa ubongo ndi msana umaphukanso, ndipo umakula pafupifupi milimita imodzi pa tsiku, masentimita atatu pa mwezi. Ana ena amene jakisoni, makamaka wa kwinini, anawabaya pamalo olakwika pa thako n'kukhudza mtsempha waukulu wotsikira kumwendo, phazi limagwa lende anthu n'kumati ndi poliyo. Ena mwa iwo amadzachira pakapita miyezi yambiri, malinga mfundo zisaume podikirapo. Odwala Guillain-Barré, amene amalobodoka kuyambira kumiyendo n'kumakwera m'masiku ochepa, ambiri amadzayendanso. Singano ya EMG imamva nthambi zatsopano zitafika mu mnofu chala chisanayambe kugwedezeka n'komwe, ndipo wopima amatha kuuza banja kuti lipirire. A ku chipatala cha Kachere ku Blantyre ndi a bungwe la MAP, lomwe linayamba mu 1979 ndi dzina la Malawi Against Polio, ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku ndi kupinda ndi kuwongola ziwalo zimene ife tinazilengeza kale maliro. Zilipo zimene mphamvu sizidzabwerera, monga poliyo akaononga kotheratu, koma ngakhale zimenezo magazi akuyendamo ndipo zimafuna chisamaliro. Tinene kuti chafooka, chalobodoka, chauma, sichikugwira ntchito. Mawu onsewa ndi oona, ndipo lililonse likuuza dokotala kanthu.

Wina anena kuti, bwanji osangotenga minyewa n'kuthana nazo? Ndikadakonda. Koma tsegulani mabuku ndi timapepala ta zaumoyo: wolemba uyu akati minyewa akunena minofu ya mnyamata wonyamula zitsulo, uyo akunena mitsempha ya uthenga, winanso akukamba za minyewa ya mu ubongo. Liwu lokhala mbali zonse ziwiri za funso la EMG silingatiyankhire funsolo. Tingathe kumalemba kuti "kupima minyewa ndi minyewa" osanama. Pakadali pano ine ndimalemba chonchi. Nyama imene imakoka fupa ndi mnofu, ndipo pamene yatukuka, pamkono kapena kuseri kwa msongolo, ndi katumba. Chingwe chomangirira mnofu ku fupa tichibwezere liwu lakale lija, nsinga. Kumsika mayi uja apitirize kukana ya mitsempha, palibe wovulala nazo. Njira ya magazi ndi mtsempha wa magazi. Njira ya uthenga ndi mtsempha wa uthenga, ndipo pakafunika tiwonjezere kuti womvera, wotengera kukhudza ndi ululu ku ubongo, kapena wolamula, wotengera lamulo ku mnofu. Ena ati n'zazitali. N'zazitali kamodzi kokha: ukautchula bwino m'chiganizo choyamba, m'chachiwiri "mtsemphawo" akwanira. Chosayenera ndi mtsempha wopanda mwini kutuluka m'kamwa mwa dokotala kapena pa wailesi poyamba penipeni.

Za kalembedwe ndingodutsapo. Kuno ambiri timati "msempha" ndi "zanzi," monga momwe timanenera "zina" tikufuna dzina. Pakamwa palibe mlandu, ndipo wazaumoyo woseka wodwala pa chifukwa chimenechi ndi wopanda mwambo. Koma pa chikwangwani ndi m'kabuku tilembe mtsempha, mitsempha, dzanzi, kuti wowerenga wa ku Dedza ndi wa ku Chipata aone chinthu chimodzi.

Kale nkhani ngati iyi ikadapita ku Chichewa Board, imene inakhazikitsidwa mu 1972 n'kuthetsedwa mu 1995. Lero ndi ya a Centre for Language Studies ku Zomba, amene anayamba mu 1996 ndipo anatipatsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja mu 2000, pamodzi ndi a Kamuzu University of Health Sciences ndi a Malawi College of Health Sciences omwe ali ndi nthambi ku Zomba komweko. Ndikadawapempha kuti asayambire pa tebulo ndi dikishonale ya Chingerezi. Ayambire pa benchi la odwala pa Ntaja kapena pa Balaka, kope m'manja, kulemba mmene anthu amanenera zowawa zawo, m'Chichewa ndi m'Chiyao momwe, kenako akakhale ndi katswiri wa EMG awauze kumene liwu lililonse likuloza. Pa minyewa agamule mbali imodzi. Akagamula kuti ndi mitsempha ya uthenga ndidzawatsatira tsiku lomwelo, chifukwa liwulo ndi lalifupi ndipo kumeneko ndi kumene tikusowa dzina; minofu ili nalo kale lake.